Mmene mungakonzere chionetsero cha zaluso chomwe anthu amalankhulamo ndi kumvetserana

M'chaka cha 2010, bambo wina wa m'tauni ya Otsuchi ku Japan, dzina lake Itaru Sasaki, anaimika kanyumba koyera ka magalasi m'munda wake wa maluwa n'kuikamo telefoni yachikale yomwe sinalumikizidwe ku waya uliwonse. Msuweni wake anali atamwalira, ndipo iye ankafuna malo oti azipitako kukalankhula naye. Madzi a tsunami ya pa 11 March 2011 atasesa tauniyo n'kupha anthu ambirimbiri, Sasaki anatsegulira aliyense kanyumbako, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anthu zikwizikwi akhala akukwera kamtunda kameneko kukanyamula telefoni yosalira ija n'kuuza omwalira awo zomwe sanathe kuwauza ali moyo. M'kanyumbamo mulibe sipika kapena chojambulira mawu, koma munthu akalowamo amalankhula ngati pali wina amene wamutchera khutu.

Ndayamba ndi chitsanzo chimenechi chifukwa chikuonetsa chinthu chimene ambiri oyamba kumene ntchito yotereyi amachiphonya. Zaluso zoikidwa poyera, zomwe sizikwanira mpaka wodutsa atatengapo mbali ndi liwu lake, anthu amaziganizira kuyambira pa maikolofoni, pomwe pofunika kuyambira ndi pa khutu. Kupeza anthu ofuna kulankhula n'kosavuta, pakuti maikolofoni ikangoyatsidwa pagulu sisowa woigwira. Chovuta ndi kuchititsa munthu amene ali pa ulendo wake kuti aime, akhale pansi ndi kumvetsera kwa mphindi zitatu liwu la munthu amene sakumudziwa. Malangizo otsatirawa ndi a munthu kapena kagulu kofuna kukonza malo amene anthu amasiyamo mawu awo n'kumvanso a anzawo, kaya ndi m'chipinda, m'tenti, pabwalo kapena pansi pa mlatho.

Yambani ndi funso, zipangizo zibwere pambuyo

Musanagule kanthu kalikonse, khalani pansi mupeze funso limodzi limene aliyense wolowa adzayankhe. Pamenepa ndi pomwe pagona ntchito yonse, ndipo ndi bwino kutherapo milungu iwiri kusiyana ndi kuthamangira funso loyamba lobwera m'mutu.

Pa chionetsero changa choyamba ndinalemba pakhoma kuti, "Kodi mtendere umatanthauza chiyani kwa inu?" Anthu analankhula ndithu, koma pafupifupi aliyense ankasintha liwu akangodina batani, n'kuyamba kulankhula ngati ali pawailesi, ndipo mayankho ake anali ofanana ngati anachita kupangana. Womvetsera akamva awiri ankadziwiratu zomwe wachitatu anene, n'kunyamuka. Tsiku lachitatu ndinamata pepala lina pamwamba pa funsolo, lofunsa kuti, "Ndi liwu la ndani limene mumalakalaka mutalimvanso, ndipo linkakuitanani bwanji?" Wachiwiri kulowa m'mawa umenewo anali bambo wachikulire amene anadina batani n'kungoti chete kwa masekondi pafupifupi 20, kupuma kwake kokha kukumveka, kenaka anatchula dzina lake laubwana kawiri, motsanzira mmene mayi ake ankamuitanira kukamada, n'kutuluka osanenanso china. Kachidutswa kameneko anthu ankakabwereza kuposa zonse zomwe ndinajambula m'masiku awiri oyamba.

Kusiyana kwake n'kwakuti funso loyamba linkapempha maganizo, pomwe lachiwiri linkapempha chikumbumtima cha chinthu chimodzi chomwe chinachitikadi. Funso labwino liyenera kukhala loti mwana wa zaka 10 ndi gogo wa zaka 80 angaliyankhe mofanana popanda kulongosoleredwa, loti silingayankhidwe ndi "inde" kapena "ayi", ndiponso loti yankho lake likwane m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Lisakhalenso lokakamiza munthu kuulula bala lake lalikulu. Lingotsegula chitseko pang'ono, wofuna kulowa mkati kwambiri alowe mwa kufuna kwake. Mukapeza mafunso atatu kapena anayi, afunseni pakamwa kwa anthu khumi osiyana misinkhu amene sadziwa za ntchito yanu, ndipo muziyang'ana nkhope zawo. Funso limene limachititsa munthu kuyang'ana kumbali kaye asanayankhe ndi limene muyenera kusunga.

Kenaka pitani mukamvetsere malowo

Malo aliwonse ali ndi kamvekedwe kake, ndipo simungakadziwe poyang'ana chithunzi kapena pepala la miyeso. Max Neuhaus, mmodzi mwa amene anayambitsa zaluso zamtunduwu, m'chaka cha 1966 ankadinda liwu lachingerezi lotanthauza kuti "mvetserani" padzanja la anthu amene abwera kudzamuona, n'kuwatsogolera m'misewu ya New York osalankhula kanthu, kuti angomva mzinda mmene ukumvekera. Inunso chitani chimodzimodzi pa malo amene mwasankha. Pitaniko m'mamawa, masana ndi madzulo, tsiku lantchito ndi lopuma, mukhale pansi kwa theka la ola ulendo uliwonse, n'kulemba chilichonse chomwe chikumveka: injini za galimoto, makina oziziritsa chipinda, chitseko cholira, mbalame, mphepo, belu la sukulu. Phokoso losalekeza ngati la makina ndilo loipa kwambiri, chifukwa khutu la munthu limalizolowera n'kuliiwala, koma maikolofoni siliiwala.

Mukatero imani pakati pa malowo muombe m'manja kamodzi mwamphamvu, n'kumvetsera kuti phokosolo litenga nthawi yaitali bwanji lisanazimiririke. Likazimiririka nthawi yomweyo, malowo ndi abwino pa mawu olankhula. Likamangobwerera kwa masekondi awiri kapena kuposerapo, mawu a anthu angapo adzasakanikirana mpaka palibe chomveka, ndipo mudzafunika makatani okhuthala, kapeti kapena mabulangeti opachika kuti amwe phokosolo. Makoma a simenti, magalasi ndi matailosi amabweza mawu, pomwe nsalu, mipando yofewa ndi matupi a anthu enieniwo zimawameza, n'chifukwa chake chipinda chopanda anthu chimamveka mosiyana ndi chodzaza.

Komabe kubwerera kwa mawu si mdani nthawi zonse. Waluso wina dzina lake Susan Philipsz anajambula liwu lake akuimba popanda zida n'kuliika pansi pa milatho itatu ya pa mtsinje wa Clyde ku Glasgow, pomwe miyala, zitsulo ndi madzi zinkalikuza ndi kulitalikitsa, ndipo ntchito imeneyo inamupezetsa mphoto ya Turner Prize mu 2010. Woimba Pauline Oliveros mu 1988 anakajambula nyimbo m'chithanki chachikulu cha madzi chapansi pa nthaka ku Fort Worden, m'chigawo cha Washington, momwe liwu limodzi limamvekabe kwa masekondi pafupifupi 45. Malo otere amakomera kuimba, kung'ung'udza ndi kuitana dzina, koma nkhani yofotokoza imatayikamo. Choncho malo ndi funso ziyenera kugwirizana, ndipo zikasemphana sinthani chimodzi mwa ziwirizi mudakali koyambirira.

Za chilolezo cha malo sindichulukitsa mawu. Kaonaneni ndi mwini malo kapena khonsolo msanga, mufunse malamulo a phokoso, maola ololedwa ndi za chitetezo cha magetsi, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Oyandikana ndi malowo auzeni nokha pamaso, musadikire kuti adziwire pa phokoso.

Sankhani njira imene liwu lidzayendere

Apa pali chisankho chachikulu: kodi liwu la munthu lidzamveka nthawi yomweyo akulankhula, kapena lidzajambulidwa kaye n'kumveka pambuyo pake?

Njira yoyamba ili ndi mphamvu yakeyake, ndipo katswiri wake wodziwika ndi Rafael Lozano-Hemmer, wobadwira ku Mexico. Mu 2008, pokumbukira zaka 40 chiphedwere ophunzira pabwalo la Tlatelolco ku Mexico City pa 2 October 1968, iye anaika chimkuzamawu pabwalo lomwelo m'ntchito yotchedwa Voz Alta. Aliyense ankatha kulankhulapo zakukhosi, nyali yamphamvu inkathwanima motsatira liwu lake n'kuoneka kutali mumzindawo, ndipo wailesi ya Radio UNAM inkaulutsa mawuwo. Chomwe ndikufuna muone m'ntchito imeneyi n'chakuti pakasowa wolankhula, makinawo ankaulutsa mawu akale a anthu amene anapulumuka tsokalo. Inunso konzeranitu chomwe chidzamveke pamene palibe wagwira maikolofoni, pakuti malo a zii amaopsa munthu woyamba, ndipo palibe amafuna kukhala woyamba. Mu 2019 waluso yemweyu anaika nyali zoterezi mbali zonse ziwiri za malire a United States ndi Mexico, ku El Paso ndi ku Ciudad Juárez, m'ntchito ya Border Tuner, ndipo anthu awiri a mbali zosiyana ankatha kulankhulana pokhapokha kuwala kwa nyali zawo kukakumana mumlengalenga, kutanthauza kuti munthu ankayenera kuyamba wafunafuna mnzake asanamveke.

Vuto la njira imeneyi ndi lakuti mawu akatuluka atuluka, kaya ndi mwano kaya ndi bodza lonamizira munthu, ndipo mudzafunika woyang'anira pafupi nthawi zonse. Kwa oyamba kumene ndimalimbikitsa njira yachiwiri, yojambula kaye, chifukwa imakupatsani mpata womvetsera chilichonse chisanafike kwa anthu.

Mukasankha kujambula kaye, ganizirani mmene mawuwo adzagawidwire m'malo. Janet Cardiff wa ku Canada, m'ntchito yake ya 2001 yotchedwa The Forty Part Motet, anajambula mawu 40 a kwaya, lililonse palokha, ikuimba nyimbo ya m'zaka za m'ma 1500, n'kupatsa liwu lililonse sipika yakeyake. Masipika 40 amenewo amaimikidwa mozungulira, m'magulu 8 a asanuasanu, pa msinkhu wa mutu wa munthu. Ukaima pakati umamva kwaya yonse, ukasendera kwa sipika imodzi umamva munthu mmodzi, mpaka kukoka mpweya kwake. Pa mphindi 14 za ntchitoyi, pafupifupi 3 ndi za oimbawo akucheza ndi kutsokomola asanayambe kuimba, ndipo ambiri amati mpamene amazindikira kuti m'bokosi lililonse muli munthu. Simufunika masipika 40. Anayi kapena asanu ndi imodzi akwanira, bola lamulo likhale lomwelo, sipika imodzi liwu limodzi, kuti womvetsera asankhe ndi mapazi ake yemwe akufuna kumumva. Shilpa Gupta wa ku India anachita mosiyana m'ntchito yomwe inaonetsedwa ku Venice mu 2019: anapachika maikolofoni 100 zomwe mkati mwake munali timasipika, zikunena ndakatulo za alakatuli amene anamangidwapo chifukwa cha zolemba zawo, moti chida chimene munthu amayembekezera kulankhulirapo chinkamukakamiza kutchera khutu.

Tsopano jambulani papepala njira ya mlendo kuyambira pakhomo mpaka potulukira, ndipo malangizo anga aakulu ndi awa: aziyamba kudutsa pomvetsera asanafike polankhulira. Munthu amene wamva anzake atatu akuyankha moona mtima amatsitsa liwu lake yekha, ndipo sayamba kulalikira. Ikani mipando yokwanira pomvetsera, chifukwa munthu woimirira amakhala ali kale pa ulendo. Polankhulira pakhale pobisika pang'ono, mwina kuseri kwa katani, kuti wolankhula asaone maso a anthu. Ganiziraninso chomwe chidzachitike mawu akachuluka. M'ntchito ya Lozano-Hemmer uja ya Voice Tunnel ya 2013, yomwe inali mumsewu wapansi pa nthaka wa Park Avenue ku New York ndi nyali 300 komanso masipika 150, liwu latsopano lililonse linkakankha akale kuti asunthe malo amodzi mpaka atuluke kumapeto kwa msewuwo. Njira yoti latsopano lizichotsa lakale kwambiri ndi yosavuta kuitsanzira, ndipo imachititsa kuti wobwera kachiwiri apeze zina.

Zipangizo

Pojambulira mufunika maikolofoni imodzi yabwino, makamaka ya mtundu wa dynamic, yomwe imamva kwambiri wapafupi n'kusiya phokoso lakutali, yovekedwa kasiponji koteteza ku mphepo ndi mpweya wa m'kamwa. Imangirireni pamalo amodzi kuti isagwidwe m'manja, ndipo mpando uikidwe moti kamwa la wolankhula likhale pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20. Jambulani m'mafayilo a WAV pa 48 kHz ndi 24-bit (zimenezi mumazisankha pa makina ojambulira). Ola limodzi la liwu limodzi limadya malo opitirira pang'ono 500 MB, choncho memori khadi wamba ikwanira masiku angapo. Chunani mphamvu yolowera kuti munthu akakweza mawu muyeso wa pa makinawo uzifika cha pa -12 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu), popeza mawu otsika angathe kukwezedwa pambuyo pake koma ong'ambika sakonzeka.

Wolankhula aone batani limodzi lokha lalikulu ndi kanyali kofiira koyaka pamene makina akujambula. Mabatani akakhala atatu, theka la anthu lidzaopa kuononga ndipo lidzangotuluka. Kakompyuta kakang'ono monga Raspberry Pi kangathe kuyendetsa batani ndi masipika, koma mafoni akale kapena tizida toimbira nyimbo, kamodzi pa sipika iliyonse, n'zokwanira ngati mulibe wodziwa kulemba mapulogalamu. Pokonza mawu, pulogalamu yaulere ya Audacity imachita zonse zofunika. Chilichonse chimene mwasankha, chiyeseni pozimitsa magetsi mwadala n'kuyatsanso: chiyenera kudziyambira chokha popanda munthu kudina kanthu. Mawaya onse amatidwe pansi kapena adutse m'mwamba, ndipo ngati ndi panja, zonse zolumikizira magetsi zitetezedwe ku mvula.

Chilolezo cha eni mawu

Liwu la munthu ndi chizindikiro chake monga nkhope. Mungachotse dzina, koma m'bale wake, bwana wake kapena amene anasiyana naye banja adzamuzindikira pa mawu awiri oyamba. Pa chifukwa chimenechi musalonjeze aliyense kuti sadzadziwika. Muuzeni zoona, kuti dzina lake silidzalembedwa koma omudziwa angathe kumuzindikira.

Fomu ya chilolezo ikhale ya tsamba limodzi, m'chinenero chimene wolankhulayo amamva bwino, ndipo kwa wosatha kuwerenga imuwerengeredwe n'kujambula kuvomera kwake pakamwa. Musaphatikize zonse m'funso limodzi. Kulola kuti mawu amveke m'chionetsero n'chinthu china, kulola kuti aikidwe pa intaneti n'china, ndipo kulola kuti asungidwe chionetsero chitatha n'chinanso, choncho munthu athe kuvomera chimodzi n'kukana zinazo. Ambiri amavomera choyamba mosavuta n'kukayika pa chachiwiri, ndipo akulondola, chifukwa mawu omveka m'chipinda chimodzi kwa milungu iwiri ndi osiyana kwambiri ndi mawu amene aliyense angawakopere n'kuwatumiza kulikonse.

Aliyense akamaliza kulankhula mpatseni kapepala kokhala ndi nambala ya fayilo yake ndi njira yokupezerani, kuti akasintha maganizo mawa lake mawuwo achotsedwe popanda kufunsidwa chifukwa. Zimenezi zimachitika, makamaka kwa amene analankhula mtima uli m'mwamba. Ana asajambulidwe popanda chilolezo cha kholo kapena wowasamalira, ndipo mwanayo afunsidwenso payekha ngati akufunadi. Mayiko ambiri ali ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu omwe amakhudzanso mawu ojambulidwa, choncho fufuzani a dziko limene mukugwirako ntchito musanasindikize fomu yanu.

Sonkhanitsani mawu oyamba chionetsero chisanatsegulidwe

Tsiku lotsegulira lisapeze masipika opanda kanthu. Kudakali milungu itatu kapena inayi, jambulani anthu 15 mpaka 20 osiyanasiyana, amuna ndi akazi, achinyamata ndi achikulire, olankhula zinenero zonse zomveka m'deralo, chifukwa mawu oyambawa ndi amene adzaphunzitse obwera pambuyo mmene angayankhire. Akakhala a anzanu okhaokha a zaluso, wogulitsa malonda wapamsewu adzamva kuti malowa si ake. Pitani kumene anthu ali kale m'malo mowaitana kuti abwere kwa inu.

Pa luso lokhala ndi wolankhula tingaphunzire ku bungwe la StoryCorps, limene Dave Isay anayambitsa mu 2003 ndi kanyumba kojambulira mawu mu siteshoni ya Grand Central Terminal ku New York. M'bungweli anthu awiri odziwana amacheza kwa mphindi 40, wothandizira ali chapambali akuyang'anira makina, ndipo akavomera, zojambulazo zimakasungidwa ku laibulale ya Library of Congress ku Washington. Phunziro lake ndi lakuti wothandizira sakhala mwini nkhani. Ngati inu muli m'chipinda pojambula, funsani funso kamodzi n'kutseka pakamwa. Musamavomereze ndi "eee" kapena "ndithu", chifukwa zonsezo zimalowa mu maikolofoni. Gwedezani mutu basi. Wolankhula akaima, werengani chamumtima mpaka 5 musananene kanthu, pakuti kawirikawiri chiganizo chofunika kwambiri chimabwera pambuyo pa chete ameneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akayamba kulira musathamangire kuzimitsa makina kapena kumutonthoza ndi mawu ambiri; mufunseni mofatsa ngati akufuna kupitiriza, ndipo chisankho chikhale chake. Ngati funso lanu likukhudza imfa, nkhanza kapena matenda, khalani ndi nambala ya aphungu oti munthu angathe kuwaimbira.

Musanachoke pa malo aliwonse, jambulani masekondi 30 a malowo palibe wolankhula. Adzakuthandizani kulumikiza zidutswa popanda kudumpha komveka.

Kusankha ndi kukonza

Mvetserani chilichonse ndi mahedifoni kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo mukhale awiri kapena atatu, mmodzi akhale wa m'dera limene mawuwo achokera, chifukwa pali mawu ena obaya amene mlendo sangawazindikire. Gwirizanani malamulo ochotsera musanayambe kumvetsera, n'kuwalembanso pakhomo la chionetsero: mawu odana ndi mtundu kapena chipembedzo cha anthu, otchula munthu wina dzina pomunenera mlandu, ndi oulula nambala ya foni kapena kumene munthu amakhala. Kupatula pamenepo, musachotse yankho chifukwa chakuti simukugwirizana nalo kapena silikukoma m'khutu. Chionetsero chomwe onse akunena zimene wochikonza amakonda chasanduka kale ulaliki wake wobwereka milomo ya ena.

Pokonza gwirani pang'ono. Dulani kugogoda kwa batani koyambirira ndi kotsiriza, chepetsani kulira kwapansi kosafika 80 Hz komwe nthawi zambiri ndi mphepo ndi magalimoto, ndipo linganizani mafayilo onse kuti amveke mofanana kukula kwake. Kupuma, chibwibwi, kuseka ndi kukayika zisiyeni momwe zilili. Ndikanadula masekondi 20 a chete a bambo uja, pakanatsala dzina lokha lopanda kanthu. Musasunthe ziganizo za munthu kuti anene chimene sananene. Pakati pa liwu lina ndi linzake siyani masekondi 5 mpaka 10, kuti womvetsera ameze zomwe wamva.

Kuika masipika ndi kuyesa

Sipika ikhale pa msinkhu wa khutu: pafupifupi mita imodzi ndi theka kwa woimirira, kapena mita 1.2 kwa wokhala pampando, womwenso ndi msinkhu woyenera ana ndi oyenda pa chikuku. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu ya mawu imatsika ndi 6 dB, choncho masipika otalikirana mamita atatu kapena anayi ndi otsitsidwa bwino salimbana. Cholakwa chofala ndi kukweza. Kucheza kwa anthu awiri kumakhala cha pa 60 dB, ndipo liwu lojambulidwa likamamveka pa mlingo umenewo munthu amasendera pafupi n'kuweramira, pomwe likakuwa amabwerera m'mbuyo. Phokoso la 85 dB kwa maola ambiri limaononga makutu, ndipo oyamba kuvulala ndi anzanu oyang'anira amene amakhalapo tsiku lonse. Neuhaus uja mu 1977 anabisa phokoso long'ung'udza pansi pa chitsulo chapamsewu ku Times Square popanda chikwangwani chilichonse. Linazimitsidwa mu 1992 n'kubwezeretsedwa mu 2002, ndipo ambiri amapondapo osalizindikira, koma amene walimva amaima. Mawu otsika ali ndi njira yawo yoitanira munthu.

Sipika iliyonse isaloze kumene kuli maikolofoni. Maikolofoni ikamva sipika yake yomwe, mawu amazungulira n'kusanduka kulira kobaya m'makutu kuja, ndipo mankhwala ake ndi kutalikitsa ziwirizi, kutembenuza sipika kapena kutsitsa mphamvu.

Kudakali masiku atatu, itanani anthu asanu amene sanaonepo ntchitoyi alowe popanda kuwauza kanthu, inu muime patali n'kumayang'ana. Onani pamene akusochera, sipika imene akuidumpha, ndi nthawi imene akukhala pampando asananyamuke. Akakufunsani kuti "ndidine pati?", vuto lili pa chikwangwani chanu. Malangizo olembedwa asapitirire mizere itatu.

Masiku a chionetsero

Pakhomo pakhale munthu wolandira alendo amene ntchito yake ndi kupereka moni, kufotokoza za chilolezo ndi kusiya anthu pa mtendere. Asamakankhire aliyense kokalankhula, chifukwa amene wabwera kudzangomvetsera watengapo mbali mokwanira. Oyang'anirawa azisinthana pakapita maola atatu kapena anayi, ndipo madzulo mupeze mpata wocheza nawo, popeza kumva nkhani zolemera za anthu tsiku lonse kumatopetsa mtima kuposa miyendo.

Chionetsero cha mawu chingathe kutsekera kunja anthu osamva ngati simunawaganizire. Sindikizani zolankhulidwazo m'zilembo zikuluzikulu pafupi ndi sipika iliyonse, lolani mayankho a chinenero chamanja kujambulidwa pa vidiyo, ndipo ikani sipika imodzi pansi pa benchi lamatabwa kapena perekani zibaluni zopopa kuti munthu azigwira, pakuti kunjenjemera kwa liwu kumamveka bwino m'manja ndi pachifuwa. Khomo ndi njira zikhale zosachepera masentimita 90 m'lifupi kuti chikuku chidutse, ndipo batani lifikike ndi wokhala pansi. Ngati mukugwiritsa ntchito mahedifoni, apukuteni wina akangomaliza.

Madzulo aliwonse koperani mafayilo onse m'malo awiri osiyana, mvetserani atsopano, ndipo amene adutsa alowe m'masipika m'mawa mwake. Uzani olankhula tsiku limene mawu awo adzayambe kumveka. Ambiri amabweranso ndi abale awo kudzadzimva, ndipo akabwera amakhalitsa akumvetsera ena.

Kutseka

Tsiku lomaliza likadutsa, tengani mafomu onse muyerekeze ndi mafayilo mmodzimmodzi. Mawu a amene analola chionetsero chokha afufutidwe paliponse pomwe munawakopera, kuphatikizapo m'memori khadi ndi m'kompyuta ya amene anakuthandizani kukonza. Otsalawo alembedwe tsiku, malo, chinenero ndi funso lomwe linayankhidwa, kenaka aperekedwe ku laibulale kapena kosungira zakale komwe mwagwirizana nako, pamodzi ndi makope a zilolezo zawo. Amene anapempha kope la mawu ake mutumizireni, ngakhale kakhale ka masekondi 40. Chotsani misomali ndi zomata, mubweze malowo mmene munawapezera, ndipo nambala imene munalemba pa timapepala tija izipitiriza kuyankhidwa kwa nthawi yonse imene mukusunga liwu la munthu aliyense.